Za Nsungwi Imene Ndidagwira pa Chulu ku Luwani

Kwa onse amene amagwira ntchito ali pa ulendo monga ine,

Ndalemba nkhani iyi pofuna kufotokoza mwatsatanetsatane zimene zidandichitikira pa ulendo wanga wochokera ku Matandani kupita ku Zalewa, m'nyengo ya manachesi chaka chatha. Ndikupempha owerenga kuti asaitenge ngati dandaulo, pakuti palibe munthu amene ndikumuimba mlandu.

Poyamba ndidzidziwitse. Dzina langa ndine Eliyasi Kandiwo, koma m'misika ya m'boma la Neno anthu amanditcha a Kalaliki. Sukulu ndidalekezera ku pulayimale. Kalembedwe ka makalata ndidakaphunzira ndekha poyang'anitsitsa makalata a m'maofesi amene anthu ankabwera nawo kuti ndiwawerengere. Ntchito yanga ndi yolembera anthu pa kompyuta: makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, malamulo a magulu a amayi, ndi zina zotero. Ofesi ya njerwa ndilibe. Ndimatsata masiku a misika, lero ku Magaleta, mawa pa boma, mkuja ku Lisungwi, ndipo kumene dzuwa landilowera ndimagona kwa achibale kapena kwa anzanga a mpingo.

Ofesi yanga ndi sutikesi yachitsulo. M'menemo muli laputopu imene ndidagula kwa mphunzitsi wina wopuma pa ntchito. Batire yake ndi yotopa, kotero kuti ikadzaza imagwira nthawi yokwanira ulaliki umodzi wosatalika. Mulinso sola yopinda, makina aang'ono osindikizira, ndi karauta, ndiko kuti kabokosi kokoka intaneti, kofanana kukula ndi sopo wosambira. Foni yanga ndi ya mabatani, ndipo imakhala m'thumba la malaya la pachifuwa.

Chifukwa cha ulendowu chidali chotere. Bungwe lina la ku Blantyre linkafuna munthu woti aziyendera misonkhano ya alimi m'midzi, kulemba zokambidwa, ndi kuzitumiza pa intaneti ali komweko. Idali ntchito ya malipiro a pamwezi, imene pa moyo wanga wonse ndidali ndisanaigwirepo. Ndidalemba kalata yofunsira, ndipo mayi wina wa ku bungwelo adandiimbira foni kuti mayeso anga adzakhala Lachinayi nthawi ya 2 koloko masana, moyankhulana poonana nkhope pa kompyuta. Adatsindika kuti: "Bambo Kandiwo, tikufuna munthu woti tikamufuna tizimupeza, kaya ali kuti." Ndidawatsimikizira kuti munthu ameneyo ndi ine.

Popeza kumapiri kwathu netiweki imadukaduka, ndidaganiza zokachitira mayesowo pa Zalewa. Kumeneko a Saidi, mwini golosale amene ndimawalembera mitengo ya katundu, adandilonjeza kachipinda ka kuseri kokhala ndi magetsi ndi khoma loyera. Magetsiwo ndinkawadalira kwambiri, chifukwa chiperoni chidali chitagwira masiku angapo, dzuwa osaoneka, ndipo sola idalibe ntchito. Mphamvu imene idatsala mu laputopu ndinkaisunga monga mbewu.

Lachinayi lomwelo ndidanyamuka ku Matandani kutangocha, pa njinga yamoto, nditavala jekete ndi tayi kuti ndisadzavutike kusintha. Sutikesi ndidaifungatira pamiyendo, nditaikuta ndi pepala la pulasitiki. Msewu udali woterera, ndipo pa mtsetse wina tidatsika ndi kuyenda pansi, mwini njinga akukankha njinga yake, ine nditasenza ofesi yanga pamutu. Titafika pa boma ndidathamangira ku shopu yometera kuti ndichajeko pang'ono, koma magetsi adali atazima chiyambire dzulo lake. Wometayo adali atakhala pakhomo akudya chimanga chootcha.

Pa siteji padali galimoto imodzi yokha yotsikira kumunsi, pikapu yamatola ya a Bonongwe. Adandilipiritsa mtengo wa anthu awiri, wina wa ine, wina wa sutikesi, chifukwa ndidakana kuti iikidwe pansi pa matumba a mbatatesi.

"Tinyamuka nthawi yanji, a dalaivala?" ndidafunsa.

"Pompano, bwana. Angotsala anthu awiri basi."

Anthu awiriwo adabwera, koma galimoto sidanyamuke, chifukwa padatsalanso anthu ena awiri. Tidakhala pamenepo mpaka mame a chiperoni adalowa m'jekete langa. Pafupi nane padakhala mayi Nachisale, amene amagulitsa manachesi pa Zalewa ndipo ndidawalemberapo kalata yopempha malo mu msika. Iwo adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Kalaliki, tayi imeneyi mukukafunsira mbeta, eti? Mundiuze, ndikhale nkhoswe."

"Ayi mayi, ndikukachita mayeso a ntchito."

"Pa Zalewa pali ofesi yanji yolemba anthu? Paja pali mbewa ndi tchipisi basi."

Ndidawafotokozera kuti ondiyesawo ali ku Blantyre, ndipo tidzaonana kudzera mu sutikesi imene ndidanyamula. Adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, nandipatsa nachesi limodzi, akuti ndikawagawireko a ku Blantyrewo.

Nthawi yonyamuka itakwana, kudadziwika kuti pikapuyo silira yokha. Amuna tonse tidatsika ndi kuikankha mpaka pamene msewu umayamba kutsetsereka, kenako tidaithamangira ndi kukwera ikuyenda. Ndidafunsa a Bonongwe ngati kutsogolo kuli pochajira. Adandiyankha kuti batire imene ikulephera kuliza injini singadyetsenso mlendo.

Tidadutsa Ligowe dzuwa likadali kumbuyo kwa mitambo, koma ndinkaona kuti nthawi ikadalipo yokwanira. Pa kamlatho kena tidatitimira m'matope, tidatsika, tidasanja miyala pansi pa matayala, tidakankha. Nsapato zanga zidasanduka zofiira, koma ndidadzitonthoza kuti pa kompyuta munthu amaoneka kuyambira pachifuwa kupita kumwamba.

Titayenda ndithu, tidaona masamba atayalidwa pamsewu. Kuno kwathu masamba otere amachenjeza za galimoto yowonongeka kapena za maliro. Pamalo amenewa zidalipo zonse ziwiri. Kalole kena kadali kataima m'mbali, mwini wake atalowa pansi pake, miyendo yokha ikuoneka. Patsinde pa mtengo wa mango padali bokosi la maliro lokutidwa ndi nsalu yoyera, amayi atalizungulira akuimba motsitsa. Amuna tidavula zipewa. Bambo wina wachikulire, woonda, wovala khoti lalikulu kuposa thupi lake, adayandikira zenera la a Bonongwe, naomba m'manja pang'onopang'ono.

Pambuyo pake ndidadziwa kuti bamboyo ndi a Ligomeka, ndipo m'bokosimo mudali akazi awo, amene adamwalirira kuchipatala. Manda adali atakumbidwa kale kumudzi kwawo mbali ya ku Luwani, anthu akungodikira thupi.

A Bonongwe adatuluka osazimitsa injini, natiyang'ana ife a kumbuyo. "Abale, mwaziona nokha. Tingowafikitsa pa mphambano yolowera kwawo."

Tonse tidatsika kuti tikonze malo. Matumba a mbatatesi adaunjikidwa kutsogolo, madengu a manachesi pamwamba pake, bokosi lidaikidwa pakati, ndipo ife tidakhala m'mphepete miyendo ili kunja. Kutsogolo kwa galimoto adasomekako nthambi. Kuyambira pamenepo pikapu idayenda monga momwe galimoto ya maliro imayendera, osathamanga, osadumphira m'maenje. Ndidatulutsa foni kuti ndione nthawi, koma mayi Nachisale adandigunda ndi chigongono, ndipo ndidaibwezera m'thumba.

Titafika pa mphambano sitidapeze anthu odzalandira bokosi, pakuti akumudzi ankayembekezera kuti lole ifika nalo pakhomo. A Bonongwe sadafunsenso munthu. Adangokhota. Ndidaganiza zotsika kuti ndidikire galimoto ina, koma chichokereni pa boma sitidakumane ndi galimoto ngakhale imodzi yotsikira kumunsi, ndipo kutsika m'galimoto ya maliro ndi sutikesi pamutu, anamfedwa akuyang'ana, ndidaona kuti si chinthu choyenera. Msewu wolowera udali wa ngolo. Tidayenda mtunda umene sindidauyembekezere.

Pamudzi adatilandira ndi kulira kwakukulu. Adzukulu, ndiwo anthu okumba manda ndi kuyendetsa zonse za kumanda, adatsitsa bokosi ndi kulilowetsa m'nyumba ya siwa. Mkulu wawo adali a Jailosi, bambo wamfupi, wa dothi mpaka m'ndevu, atamanga chitenje cha mayi wina m'chiuno. Iwo adalowetsa mkono pazenera la pikapu, nazimitsa injini, naika kiyi m'thumba.

"Akulu, nanga bwanji?" adatero a Bonongwe. "Galimoto imeneyi kuliza kwake n'kovuta, ndiponso ndili ndi anthu a ulendo."

"Pano galimoto yobweretsa maliro sichoka malemu asanagone m'manda," adayankha a Jailosi. "Mwamubweretsa mayiyu, mukufuna kumuthawa pakhomo ngati mwatula thumba la makala? Khalani pansi. Lero boma ndife."

Anthu a pamudzipo adaseka chamumtima, chifukwa adzukulu ali ndi ufulu woyankhula zilizonse pa maliro. Mwambo wogwira kiyi sindidauonepo kwina kulikonse, ndipo sindikudziwa ngati ndi wa makolo kapena ndi wa a Jailosi okha. Ndidawatengera pambali ndi kuwafotokozera nkhani yanga mwadongosolo, kuyambira pa kalata yofunsira ntchito mpaka pa ola la mayeso, ndipo ndidamaliza ndi mawu akuti ndikupempha mwaulemu kuti pempho langa liganiziridwe.

"Pempho lanu talandira, bwana tayi," adatero iwo. "Lakanidwa. Kakhaleni uko ndi amuna anzanu."

Nditaona kuti za Zalewa zalephereka, ndidaganiza njira ina. Mphamvu ya mu laputopu ikadatha kukwanira mayeso aafupi, ndikadangopeza netiweki. Ndidazemba ndi sutikesi yanga kudzera kuseri kwa nkhokwe, ndikuyenda foni ili m'mwamba. Pamudzi ponse panalibe kanthu. Koma kumapeto kwa munda wina, moyandikana ndi nkhalango ya manda, padali chulu chachitali, ndipo nditakwera pamwamba pake foni idaonetsa kamzere kamodzi. Ndidazula nsungwi yaitali pa mpanda wakugwa wa dimba, ndidamangirira karauta kunsonga kwake ndi mphira, ndipo nditaiimika pa chulupo magetsi a karauta adasanduka obiriwira. Ndikuvomera kuti pa nthawi imeneyo ndidasangalala, ngakhale ndidali pafupi ndi manda okumba kale.

Chimene sindidachiganizire n'chakuti munthu wovala tayi, woimirira pa chulu ndi nsungwi yaitali, amaoneka kuchokera kutali. Ndisanatsike n'komwe, a Jailosi adafika ali ndi mayi wina wachitsikana wamaso otupa. Adali Esinati, mwana wa malemuwo.

"Bwana tayi, mukuwedza chiyani kumwambako?"

Ndidawafotokozera ntchito ya karauta. Esinati adamvetsera, kenako adagwada pansi pa chulu.

"Bambo, achimwene anga a Maliko ali ku Joni. Mapepala awo sali bwino, akabwera ndiye kuti sadzabwereranso, ndipo ndi iwo amene amatidyetsa. Dzulo ndinakwera pompano ndi kafoni kanga ka mabatani, tinangomvana mawu oduka. Akungolira kuti mwina akanangoona nkhope ya amayi. Kodi chimenechi chingathe?"

Ndidayankha zoona, kuti chingathe, koma kamodzi kokha, chifukwa batire ikatha palibe poitsitsimutsa, ndipo kamodziko ndidakasungira mayeso anga. A Jailosi adayamba kunena kuti katundu aliyense wopezeka m'malire a manda ndi wa adzukulu. Akadapitiriza motero, mwina ndikadalimba mtima ndi kukana. Koma a Ligomeka, amene adatsatira mwana wawo pang'onopang'ono, adawaletsa ndi dzanja.

"Iyayi a Jailosi, musamuvutitse mlendo. Watithandiza kale, wapereka malo ake m'galimoto." Kenako adatembenukira kwa ine. "Bambo, chitani ntchito yanu. Maliko tidzamufotokozera pakamwa mmene tinawaikira amake."

Atanena zimenezi adabwerera ku siwa, khoti lawo likukwekwereza m'maudzu. Ine ndidatsika pa chulu. Ndidangofunsa Esinati nambala ya mlongo wake.

Ndidali ndi chiyembekezo chimodzi, kuti mwambo utha msanga ndipo mphamvu pang'ono itsalako. Ndidatumiza uthenga kwa Maliko womuuza pamene adine pa foni yake nthawi ikakwana, ndipo laputopu ndidaisiya yozimitsa. Ndidayesanso kuimbira mayi a ku bungwe aja kuti ndipemphe kusintha nthawi, koma foni yawo idangoitana osayankhidwa, mwina chifukwa adali akuyesa anthu ena. Kumudzi mwambo udatalika. Adayankhula a kuchimuna, a kuchikazi, a mpingo, ndi oimira gulu la amayi. Pamene bokosi linkanyamuka kubwera kumanda, ola la mayeso lidali litayandikira kwambiri.

Panabukanso vuto lina. Dothi la chulu lidali lolimba pansi ndi loterera pamwamba, ndipo nsungwi sinkaima yokha. Mphepo ya chiperoni ikaipendeketsa pang'ono, magetsi a karauta ankasanduka ofiira. Padafunika munthu woigwira ndi manja awiri, moloza mbali imodzi yokha imene ndidaipeza. Ndidayesa kupatsa mdzukulu wina, koma iye ankangotembenuka kuti aone za kumanda, nsungwi nkutembenuka naye. Motero ndidayatsa laputopu, nkhope ya Maliko idaoneka ali m'kachipinda ka malata atavala yunifolomu ya ulonda, ndidaipereka m'manja mwa Esinati, ndipo ine ndidakwera pa chulu.

Kuchokera pamenepo manda sindinkawaona. Ndinkaona misana ya anthu ndi mitengo basi. Ndidamva kulira kukukwera pamene adatsegula bokosi kuti Maliko aone nkhope, ndipo pakati pa kulirako ndidamva mawu aang'ono a m'makina akuitana kuti, "Amayi, amayi." Kenako nyimbo idayamba.

Nyimboyo ili mkati, foni idanjenjemera pachifuwa panga. Ndidadziwa kuti adali a ku bungwe aja. Ndidayang'ana kumwamba, magetsi adali obiriwira. Ndidayesa kuchotsa dzanja limodzi, nsungwi idapendekeka, ndipo kuchokera kumanda a Jailosi adakuwa kuti, "Bwana tayi, wongolani! Munthu wauma pagalasi!" Ndidabwezera dzanja. Foni idanjenjemera mpaka idaleka yokha.

Patapita kanthawi idanjenjemeranso, abusa akuwerenga mawu. Ndidaisiya. Mikono idayamba kuchita dzanzi, madzi a chiperoni ankatsika ndi nsungwi kulowa m'manja mwa jekete mpaka m'khwapa. Ndidamva makasu akuyamba kukwirira, ndipo ntchito imeneyo imatenga nthawi. Ndidamva akuitana maina a oika nkhata, mmodzimmodzi. Pakati pa mainawo foni idanjenjemera kachitatu, nthawi yaitali kuposa poyamba, ngati munthu amene akugogoda komaliza asanachoke. Ndidaganiza za Maliko, kuti mwina akudikira kuona nkhata yake ikuikidwa, ndipo ndidalimbitsa manja.

Anthu atayamba kubalalika, mayi Nachisale ndi amene adandikumbukira. Adafika pansi pa chulu atanyamula laputopu yopinda m'chitenje.

"A Kalaliki! Mukadali pompo? Tsitsani nsungwiyo, bambo inu. Chinazima kalekale chimenechi."

Ndidawafunsa kuti chidazima nthawi yanji.

"Bokosi litangotsikira. A Jailosi anatapa dothi, nkumuonetsa mnyamata uja pagalasi, akuti, 'Maliko, dothi lako ili, ndikukuponyera.' Atangoponya, galasi linada. Ndiye mumafuna ndani akukumbukireni, anthu akulira?"

Ndidawerengera mumtima ndipo ndidapeza kuti pamene foni inkaitana kachiwiri ndi kachitatu, ndidali nditagwira nsungwi yopanda ntchito. Ndidatsika. Zala zidakana kutambasuka, kotero kuti mphira wa karauta adamasula ndi mayi Nachisale. Ndidakweranso pa chulu ndi kuimba nambala ya mayi a ku bungwe aja, koma sidayankhidwe.

A Jailosi adabweza kiyi titadya. A Ligomeka adandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, ndipo Esinati adandipatsa nkhuku yamoyo, imene ndidaikana koma idakwera nafe. Tidakankhanso pikapu. Pa Zalewa tidafika dzuwa likulowa. A Saidi adali atasesa kachipinda kaja ndi kuikamo mpando wabwino.

M'mawa mwake ndidaimbanso, ndipo mayi aja adayankha. Ndidafotokoza zonse monga ndazilembera pamwambapa. Adamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Pepani kwambiri, bambo Kandiwo. Malemuwo anali abale anu?"

"Ayi mayi, sindinkawadziwa."

Kenako adati: "Tinakuimbirani katatu. Pa kachitatu paja tinagwirizana kuti mukangoyankha, tikufunsani pafoni pomwepo, za kompyuta tizisiye. Malo aja tinapereka kwa wina dzulo lomwelo."

Ndidawathokoza chifukwa cha mpata umene adandipatsa, ndipo ndidawapempha kuti asunge dzina langa.

Pakadali pano ndikupitiriza kutsata misika monga kale. Kwa anzanga amene mumanyamula ofesi zanu pa ulendo, ndilibe uphungu wa mtundu wa laputopu kapena kukula kwa sola, pakuti zimenezo aliyense amagula monga mwa kupata kwake. Ndingokudziwitsani kuti mu sutikesi yanga ndawonjezeramo zinthu ziwiri zimene kale mudalibe: chingwe cha khonje, ndi zikhomo zitatu zachitsulo zimene adandisulira mmisiri wa ku Lisungwi. Ndidaziyesa pa chulu china ku Magaleta tsiku la mphepo. Nsungwi idaima yokha, ndipo ine ndidaimirira pambali pake manja onse awiri ali opanda kanthu, foni ili m'thumba, koma sidaitane.

Ndine wanu pa msewu womwewu,
Eliyasi Kandiwo